Chule, Nkhosa ndi Kachidutswa ka Khungu: Mbiri ya Ma Stem Cell Siyowongoka Monga Amaikambira

Mu 1949 mphunzitsi wa sayansi pasukulu ya Eton ku England analemba lipoti la mnyamata wina wa zaka 15. Mnyamatayo anali womaliza pa ana 250 m'phunziro la bayoloje, ndipo mphunzitsiyo sanapsatire mawu. Anati zoti mwanayu akufuna kudzakhala wasayansi n'zoseketsa, ndipo kumuphunzitsa kungakhale kutaya nthawi yake ndi ya aphunzitsi omwe. Mnyamatayo, John Gurdon, anafunsira malo ku Oxford kuti akaphunzire Chilatini ndi Chigiriki, koma anathera m'dipatimenti ya maphunziro a zinyama. Lipoti lija analiika m'felemu n'kulisunga mu ofesi yake. Mu 2012 analandira mphoto ya Nobel.

Nkhaniyi ndinayamba kuimva kwa mnzanga wa sayansi amene ankafuna kundilimbitsa mtima mayeso atandivuta. Ndi yokoma, ndipo mbiri yonse ya ma stem cell imakambidwanso mokoma chomwecho: kunali mkangano chifukwa ofufuza ankawononga miluza ya anthu, kenako dokotala wina wa ku Japan anapeza njira yosafuna mluza, mkangano n'kutha, odwala n'kuyamba kuchira. Nditaitsata bwinobwino ndaona kuti mkanganowo sunathe, odwala amene achira ndi owerengeka, ndipo njira yatsopanoyo inabadwa kuchokera m'njira yakale yomwe anthu ankakanganirayo.

Tiyambire pa funso limene linkasautsa Gurdon. Munthu aliyense amayamba ali selo limodzi, dzira lokumana ndi umuna. Selo limeneli limagawikana mpaka kupanga mitundu ya maselo pafupifupi 200, monga a khungu, a magazi, a mtima ndi a ubongo. Malangizo opangira zonsezi ali m'majini. Sindikunena majini a m'nkhani za asing'anga ayi, ndikunena tizigawo ta DNA timene timakhala mu nyukiliyasi, pakatikati pa selo. Tsono selo likasanduka la khungu, kodi limataya malangizo a ziwalo zinazo, kapena limangowatsekera osawagwiritsa ntchito? Mu 1952 Robert Briggs ndi Thomas King ku Philadelphia anayamba kusamutsa nyukiliyasi kuchokera m'maselo a mluza wa chule kupita m'mazira ochotsedwa nyukiliyasi yake. Anapeza kuti mluza ukamakula, zimayamba kukanika. Ambiri anatsimikiza kuti selo likasankha njira silibwerera.

Gurdon anagwiritsa ntchito chule wina, wotchedwa Xenopus laevis, amene kwawo ndi kum'mwera kwa Africa kuno. Momwe chuleyu anafikira m'malabotale a ku Ulaya ndi nkhani payokha. M'zaka za m'ma 1930, ofufuza amene anagwirapo ntchito ku Cape Town, kuphatikizapo Lancelot Hogben, anaonetsa kuti ukabaya chule wamkaziyu ndi mkodzo wa mayi woyembekezera amaikira mazira pasanathe tsiku. Zipatala zinayamba kuitanitsa achule ambirimbiri oyezera mimba, ndipo asayansi anangopezerapo mwayi. Mu 1962 Gurdon anafalitsa zotsatira zake. Anatenga nyukiliyasi m'maselo a m'matumbo a mbululu n'kuziika m'mazira opanda nyukiliyasi. Mwa maulendo 726, mbululu 10 zinakula mpaka kumadya zokha. Khumi ndi zochepa, koma zinali zokwanira kutsimikizira kuti selo la m'matumbo likadali ndi malangizo a chule yense, ndiponso kuti m'dzira muli china chake chimene chingatsegulenso zotsekedwazo.

Kwa zaka zoposa 30 ambiri ankati zimenezi n'za achule basi. Anakhala chete atamva kuti pa 5 Julayi 1996 ku Roslin Institute, pafupi ndi Edinburgh, kunabadwa nkhosa yotchedwa Dolly, yopangidwa kuchokera ku selo la m'bere la nkhosa ya zaka 6. Ian Wilmut, Keith Campbell ndi anzawo anayesa mazira 277 kuti apeze mwanawankhosa mmodzi ameneyu.

Mtsinje wachiwiri wa mbiriyi unayambira pa mbewa, zoyera za m'labotale zija, osati zathu zapamsewu. M'zaka za m'ma 1950 Leroy Stevens wa ku Jackson Laboratory m'chigawo cha Maine ankafufuza zotupa zachilendo zimene zinkamera m'machende a mbewa za mtundu wina. Mukazing'amba munkapezeka tsitsi, mafupa, minofu ngakhale mano, zonse zitasakanikirana. Izi zinasonyeza kuti muli maselo otha kusanduka chilichonse. Mu 1981 Martin Evans ndi Matthew Kaufman ku Cambridge, komanso Gail Martin ku San Francisco, anakwanitsa kutenga maselo otere m'mluza wabwinobwino wa mbewa wa masiku ochepa n'kuwaweta m'mbale. Maselowa amachulukana osatha, ndipo ukawapatsa zofunika amasanduka selo la mtundu uliwonse wa m'thupi. Apa ndi pamene amasiyana ndi ma stem cell amene tonse tili nawo m'mafuta a m'mafupa, omwe madokotala akhala akuwasamutsira kwa odwala khansa ya m'magazi kwa zaka zambiri: amenewo amapanga magazi okha.

Phindu loyamba silinali kuchiritsa munthu. Mario Capecchi ndi Oliver Smithies anapeza njira yozimitsira jini limodzi m'maselo amenewa, ndipo kuchokera m'maselowo ankapanga mbewa yamoyo yopanda jini limenelo kuti aone chimene chisokonekere. Mbewa zoterezi zakhala chida chachikulu pofufuza khansa, matenda a mtima ndi shuga. Awiriwa ndi Evans analandira mphoto ya Nobel mu 2007. Palibe amene anachita zionetsero pamsewu chifukwa cha mluza wa mbewa.

Zinthu zinasintha zitafika pa munthu. Louise Brown, mwana woyamba wobadwa mwa kukumanitsa dzira ndi umuna m'labotale, anabadwira ku Oldham pa 25 Julayi 1978. Njira imeneyi imapanga miluza yambiri kuposa imene banja lingagwiritse ntchito, ndipo yotsalayo imasungidwa mozizira kwambiri kapena kutayidwa. Boma la Britain linaona kuti pakufunika malire, ndipo amene linamusankha kutsogolera komiti yoona nkhaniyi sanali dokotala kapena wasayansi koma katswiri wa filosofi, Mary Warnock. Anzanga a maphunziro athu ano amene mumafunsidwa kwanu kuti filosofi mudzadya nayo chiyani, dzina limeneli mulisunge. Lipoti lake la mu 1984 linati kafukufuku pa mluza aloledwe mpaka masiku 14, nthawi imene kamzere koyamba ka thupi kamaoneka ndipo mluza sungagawikenso kukhala mapasa. Warnock sanayese kuthetsa funso loti moyo wa munthu umayamba liti. Anafuna mzere umene anthu osiyana maganizo angathe kukhala nawo, ndipo mzerewo unalowa m'lamulo mu 1990 n'kutengedwanso ndi mayiko ena ambiri.

Mu Novembala 1998 James Thomson wa pa yunivesite ya Wisconsin analengeza kuti waweta maselo ochokera m'miluza ya anthu yotsala kuzipatala zothandiza mabanja osabereka, yomwe eni ake anaipereka. Anapeza mizere isanu ya maselo, ndipo umodzi wotchedwa H9 ukugwirabe ntchito m'malabotale mpaka lero. Ndalama zinachokera ku kampani ya Geron, chifukwa kuyambira 1996 lamulo la America linkaletsa kugwiritsa ntchito ndalama za boma pa kafukufuku wowononga mluza.

Tinene chilungamo pa zimene zimachitika. Mluza wa masiku asanu ndi kampira kochepa kuposa kadontho ka cholembera, kopanda mtima, kopanda ubongo. Kuti utenge maselo a mkati mwake uyenera kukaphwasula, ndipo sikangakulenso. Kwa Mpingo wa Katolika ndi Akhristu ena ambiri, amene amaphunzitsa kuti munthu amayamba pamene dzira lakumana ndi umuna, uku ndi kupha, ndipo zoti kamluzako kakanatayidwabe sizisintha mlandu. Sindigwirizana ndi anthu amene amaseka maganizo amenewa ngati umbuli, chifukwa funso loti ndani awerengedwe ngati munthu silingayankhidwe ndi maikulosikopu. Komanso si zoona kuti inali nkhondo ya chipembedzo ndi sayansi. Akatswiri ambiri a Chiyuda ndi a Chisilamu amauona mluza wa masiku oyambirira mosiyana, n'chifukwa chake Israel ndi Iran, mayiko osamwerana madzi, onse analola kafukufukuyu. Royan Institute ya ku Tehran inali itapanga mzere wakewake pofika 2003.

Pa 9 Ogasiti 2001 Pulezidenti George W. Bush analankhula pa wailesi yakanema kuti boma lizilipirira kafukufuku wa mizere yokhayo imene inalipo kale tsiku limenelo. Anati ilipo yoposa 60, koma yogwiritsika ntchito inapezeka kuti ndi 21. Chigamulochi sichinasangalatse mbali iliyonse, ndipo m'malabotale chinabala zoseketsa: ankamata zizindikiro pa mafiriji ndi zipangizo kuti zogulidwa ndi ndalama za boma zisakhudze maselo atsopano. Anthu a ku California anavota mu 2004 kuti chigawo chawo chiike madola 3 biliyoni pa kafukufukuyu. Barack Obama anachotsa chiletso cha Bush mu Malichi 2009.

Pamene America inkakangana, South Korea inaona mpata. Hwang Woo-suk, dokotala wa ziweto pa Seoul National University, analemba m'magazini ya Science mu 2004 kuti wapanga mluza wa munthu mwa njira ya Dolly n'kutengamo ma stem cell. Mu 2005 anati wapanga mizere 11 yofanana ndendende ndi odwala amene anapereka khungu. Zikanakhala zoona, thupi la wodwala silikanakana maselo oterowo poti ndi akeake. Boma linamupatsa udindo wa wasayansi wamkulu wa dziko, kampani ya ndege inamulonjeza maulendo aulere, ndipo a positi anatulutsa sitampa yoonetsa munthu akudzuka pa njinga ya anthu aulumali n'kuyamba kuyenda. Atolankhani a pulogalamu ya PD Notebook pa wailesi yakanema ya MBC atayamba kufunsa mafunso, anthu anawatenga ngati oukira dziko ndipo makampani anachotsa malonda awo. Koma asayansi achinyamata anayamba kuonetsana pa intaneti kuti zithunzi za m'lipoti la Hwang zinali zobwerezabwereza. Mu Januwale 2006 komiti ya yunivesite yake inapeza kuti malipoti onse awiri anali abodza.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi si bodzalo ayi. Ndi mazira. Hwang anagwiritsa ntchito mazira a amayi oposa 2,000, ochuluka kwambiri kuposa amene anavomera. Amayi ambiri analipidwa, ndipo awiri anali ofufuza aang'ono a m'labotale yake yomwe, anthu amene tsogolo lawo linali m'manja mwake. Kupereka mazira si kupereka magazi. Mayi amabayidwa mankhwala masiku angapo kuti mazira ambiri akhwime nthawi imodzi, kenako amawakoka ndi singano, ndipo ena amadwala kwambiri. Dziko lonse linali litakangana zaka zambiri za kamluza ka masiku asanu, koma za amayi amene mazirawo ankachokera m'matupi mwawo ndi ochepa amene anafunsa. Zimene Hwang ananama kuti wachita zinadzatheka mu 2013, m'labotale ya Shoukhrat Mitalipov ku Oregon.

Shinya Yamanaka anabadwa mu 1962, chaka chomwe Gurdon anafalitsa za mbululu zake. Anayamba ngati dokotala wa mafupa, ndipo iye mwini amasimba kuti opaleshoni ya mphindi 20 inkamutengera maola awiri, moti anzake anamupatsa dzina loti Jamanaka, kuchokera ku mawu a Chijapani otanthauza chopinga. Anasiya n'kulowa m'kafukufuku. Amasimbanso kuti tsiku lina anayang'ana mluza pa maikulosikopu kuchipatala cha mnzake n'kuganizira ana ake aakazi, ndipo anaona kuti pakufunika njira ina. Anaganiza motere: ngati dzira lingabweze selo m'mbuyo, ndiye kuti pali majini amene amachita zimenezo, ndipo ayenera kukhala omwe amagwira ntchito kwambiri m'maselo a mluza. Iye ndi wophunzira wake Kazutoshi Takahashi anasankha majini 24. Atawayesa limodzilimodzi palibe chinachitika. Atawalowetsa onse pamodzi m'maselo a mbewa pogwiritsa ntchito kachilombo kowanyamula, maselo ena anabwerera. Kenako anayamba kuchotsa limodzi nthawi iliyonse kuti aone losasoweka, mpaka anatsala ndi anayi: Oct3/4, Sox2, Klf4 ndi c-Myc.

Anafalitsa zimenezi mu Ogasiti 2006 ali pa yunivesite ya Kyoto, miyezi yochepa chichitikireni manyazi a Hwang, ndipo ambiri anakayika kaye mpaka malabotale ena atabwereza. Maselowa anawatcha iPS, ndi "i" wamng'ono potengera iPod. Mu Novembala 2007 anachitanso chimodzimodzi ndi khungu la kumaso la mayi wa zaka 36, ndipo nthawi yomweyo Junying Yu wa m'labotale ya Thomson anapeza zofanana ndi gulu la majini losiyanako. Wilmut, mwini Dolly, analengeza kuti akusiya njira yake kuti atsate ya Yamanaka. Mavuto analipo. Maselo obwerera anali osakwana limodzi pa 1,000, ndipo c-Myc ndi jini lodziwika poyambitsa khansa, moti mbewa imodzi pa zisanu zilizonse zobadwa kuchokera ku maselowa inamera chotupa. Njira zotetezeka zinabwera pambuyo pake.

Otsutsa kugwiritsa ntchito miluza anasangalala, ena n'kumati taonani, sipankafunika kuwononga mluza n'komwe. Pamenepa ndiye mbiri ikukana. Majini 24 aja Yamanaka anawadziwa chifukwa cha zaka 25 za kafukufuku wa maselo a mluza. Kawetedwe ka maselo a munthu m'mbale kanachokera kwa Thomson. Ndipo kuti udziwe ngati selo labwereradi bwinobwino umaliyerekeza ndi la mluza. Munthu angathe kunenabe kuti njira yakaleyo inali yolakwika, koma sangatenge mwana n'kukana kuti anali ndi make.

Nanga maselowa agwira ntchito yanji? Yaikulu yachitikira m'mbale, osati m'thupi la wodwala. Sungadule ubongo wa munthu wamoyo kuti uone mmene matenda akuyambira, koma ungatenge kachidutswa ka khungu kapena magazi ake, kubweza maselowo, n'kuwasandutsa maselo a ubongo okhala ndi majini ake enieni. Mu 2008 gulu la Kevin Eggan ku Harvard linachita zimenezi ndi mayi wa zaka 82 wodwala ALS, matenda opha mitsempha yoyendetsa minofu. Makampani a mankhwala amathira mankhwala atsopano pa maselo a mtima ogunda m'mbale kuti aone ngati akusokoneza kagundidwe asanampatse munthu. Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha Zika. Ana ambiri atayamba kubadwa ndi mitu yaing'ono ku Brazil mu 2015, anthu ankakayikira kachilomboka koma umboni unali wosakwanira. Kumayambiriro kwa 2016 Guo-li Ming, Hongjun Song ndi anzawo anathira kachilomboka pa maselo opangidwa kuchokera ku iPS n'kuonetsa kuti kamalowa ndi kuwononga maselo amene amamanga ubongo wa mwana wosabadwa. Anagwiritsanso ntchito timipira ta minofu ya ubongo toweta m'labotale, tofanana ndi timene Madeline Lancaster anapanga ku Vienna mu 2013.

Za kuika maselo m'thupi zayenda pang'onopang'ono kwambiri. Geron inayamba kuyesa maselo a mluza pa anthu ovulala msana mu 2010 n'kusiya chaka chotsatira, ponena kuti ndalama sizikukwana. Mu Seputembala 2014 gulu la Masayo Takahashi ku Kobe linaika kachigamba ka maselo a diso, kopangidwa kuchokera ku khungu la wodwalayo, mwa mayi wa zaka za m'ma 70. Maso ake sanayambe kuona bwino, koma anasiya kuipiraipira ndipo sipanamere chotupa. Ntchitoyi inadya ndalama pafupifupi madola 1 miliyoni pa munthu mmodzi, ndipo wodwala wachiwiri sanamuchite opaleshoni atapeza kusintha kwa majini m'maselo ake. Mpata wapakati pa lonjezo ndi zenizeni unadzazidwa ndi zipatala zogulitsa jakisoni wotchedwa wa stem cell wochiza chilichonse. Ku Florida mu 2015 amayi atatu okalamba anawonongeka maso atabayidwa m'maso maselo otengedwa m'mafuta a m'mimba mwawo. Mukaona malonda oterowo pa Facebook, kumbukirani amayi amenewa.

Zotsatira zolimbikitsa zayamba kubwera posachedwapa, ndipo zikuchokera mbali zonse ziwiri. Mu Epulo 2025 magazini ya Nature inafalitsa mayeso awiri a matenda a Parkinson, amodzi a ku Kyoto a maselo a iPS pa odwala 7, ena a ku America ndi Canada a maselo a mluza pa odwala 12. Onse anaonetsa kuti maselo anakhazikika popanda chotupa. Douglas Melton wa ku Harvard, amene analowa kafukufuku wa shuga mwana wake wakhanda atapezeka ndi nthendayi, anapeza njira yopangira maselo otulutsa insulini, ndipo kampani ya Vertex inalengeza mu 2025 kuti odwala 10 mwa 12 anali atasiya kudzibaya insulini patatha chaka. Maselo amenewo ndi ochokera ku mluza, ndipo odwalawo ayenera kumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisawakane.

Nkhani ya kukanidwa kwa maselo ndi imene ikutikhudza ife. Popeza kupangira munthu aliyense maselo akeake n'kodula, Japan inakhazikitsa nkhokwe ya maselo a iPS ochokera kwa anthu ochepa osankhidwa, amene chitetezo chawo cha m'thupi chimagwirizana ndi cha pafupifupi anthu 40 pa 100 alionse a m'dzikolo. Izi zinatheka chifukwa Ajapani ambiri amafanana m'majini. Anthu a mu Africa ndiwo osiyanasiyana m'majini kuposa a kwina kulikonse, choncho nkhokwe yotere kuno ingafune opereka ochuluka zedi. Pakali pano nkhokwe zikuluzikulu zofufuzira zadzaza ndi maselo a anthu ochokera ku Ulaya, ndipo mankhwala oyesedwa pa maselo amenewo ndi omwe adzagulitsidwe kwa tonse. Matenda oyamba amene anachiritsidwa pa mbewa pogwiritsa ntchito iPS, m'labotale ya Rudolf Jaenisch mu Disembala 2007, anali sickle cell, nthenda imene ana ambiri obadwa nayo ali kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Chithandizo chokonza majini cha nthendayi chimene chinavomerezedwa mu 2023, chotchedwa Casgevy, chimagwiritsa ntchito ma stem cell a m'magazi a wodwala mwini, ndipo ku America mtengo wake pa nthawiyo unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi.